Sophocles: Mkulu wamwayi amene adalemba za mfumu yatsoka

Pamaliro, pangozi ya basi, ngakhale mwana akalephera mayeso, sipalephera kupezeka wina wotonthoza anzake kuti zidalembedwa, palibe akadachitapo kanthu. Ena amavomera ndi mutu, koma ena amang'ung'udzira mumtima kuti dalaivala uja akadapanda kuthamanga bwenzi anthu ali moyo.

Mkangano umenewu sudayambe lero. Zaka zoposa 2,400 zapitazo mumzinda wa Athens, m'dziko la Greece, mudali mkulu wina wolemba zisudzo amene adautengera pabwalo, anthu zikwizikwi akuonerera. Dzina lake ndi Sophocles, ndipo sewero lake la mfumu Oedipus likuseweredwabe mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene adalemba za mfumu yomwe tsoka lidayamba kuilonda isadabadwe, iye mwini adali wamwayi wosowa. Adabadwira m'banja lopeza bwino, adali wooneka bwino, wokondedwa ndi anthu, wopambana mipikisano, ndipo adamwalira ali ndi zaka pafupifupi 90.

Mpanda wa matabwa

Sophocles adabadwa cha m'ma 496 BC m'mudzi wa Colonus, mtunda wa makilomita pafupifupi awiri kuchokera mumzinda wa Athens. Kumbukirani kuti zaka za Yesu asadabadwe timaziwerenga chotsika, choncho 480 BC idadza pambuyo pa 496 BC.

Bambo ake, Sophillus, adali mponda matiki, ndipo akuti adali ndi malo osulirapo zida zankhondo. Mnyamatayu adaphunzira kuimba, kuvina ndi masewero ogwetsana, monga amachitira ana a anthu olemera.

Ali ndi zaka pafupifupi 16, m'chaka cha 480 BC, mfumu Xerxes ya ku Persia idabwera ndi chinamtindi cha asilikali kudzalanda Greece. Mfumuyi ndi yomwe akatswiri ambiri a Baibulo amati ndi Ahaswero wa m'buku la Estere.

Agiriki zikawathina amathamangira ku Delphi, kukachisi wa mulungu wawo Apollo, komwe kudali wansembe wamkazi wolosera zam'tsogolo. Wolemba mbiri Herodotus, yemwe adadzakhala bwenzi la Sophocles, akusimba kuti nthumwi za Athens zidauzidwa kuti chodzawapulumutsa ndi mpanda wa matabwa.

Apa mpamene padagona nkhani. Akuluakulu ena adati mpandawo ndi womwe kale udazungulira phiri la Acropolis, pakati pa mzinda. Koma mtsogoleri wina, Themistocles, adaumirira kuti mpanda wa matabwa ndi zombo zankhondo.

Ambiri adamvera Themistocles, nasamutsa amayi ndi ana, abambo n'kukwera zombo. Ochepa amene adatsala paphiri atadzitchinga ndi matabwa adaphedwa, mzinda n'kutenthedwa. Koma panyanja, pafupi ndi chilumba cha Salamis, zombo za Agiriki zidaphwasula za Aperezi.

Pachikondwerero cha chipambanochi, amene adasankhidwa kutsogolera gulu la anyamata oimba, zeze ali kumanja, adali Sophocles. Mnyamatayu adali ataona yekha kuti ulosi umodzi womwewo udapulumutsa ena ndi kuphetsa ena, kutengera ndi momwe aliyense adaumvera.

Katswiri wa pabwalo

Ku Athens zisudzo sizidali zongotayitsa nthawi. Chaka chilichonse cha m'mwezi wa March kumachitika chikondwerero cha mulungu Dionysus, ndipo alembi atatu amapikisana, aliyense ndi masewero anayi. Osewera onse amakhala amuna ovala zigoba kumaso, ngakhale poyerekeza mayi. Pambali pawo pamakhala gulu loimba ndi kuvina, lomwe limathirira ndemanga pa zochitika.

M'chaka cha 468 BC, Sophocles adapambana koyamba, ndipo amene adamugwetsa si munthu wamba ayi, koma Aeschylus, chiphona cha zisudzo chomwe chidali chachikulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 30. Plutarch akusimba kuti oonerera adagawanika kwambiri moti woyendetsa mwambo adapempha akuluakulu ankhondo khumi kuti ndiwo aweruze.

Kuchokera apo sadabwererenso m'mbuyo. Adalemba masewero oposa 120, adapambana ka 18 pachikondwerero chachikuluchi, ndipo akuti sadakhalepo pamapeto. Ndiye adayambitsa zoti pabwalo pazikhala osewera atatu m'malo mwa awiri, ndipo gulu loimba adalikulitsa kuchoka pa anthu 12 kufika pa 15. Iye mwini adasiya kusewera nawo kaamba koti mawu ake adali otsika.

Mzinda udamupatsanso maudindo. Mu 443 BC adali mmodzi mwa osunga chuma cha mgwirizano wa mizinda yomwe Athens imatsogolera. Mu 441 BC adasankhidwa kukhala mmodzi mwa akuluakulu ankhondo khumi, pamodzi ndi Pericles, ndipo adapita nawo kunkhondo ya pachilumba cha Samos. Akuti Pericles amamuseka kuti ndakatulo amazitha, koma zoyendetsa nkhondo zidamupita patali.

Mliri mumzinda

Nkhondo yaikulu pakati pa Athens ndi Sparta idabuka mu 431 BC. Pericles adalamula anthu akumudzi kuti alowe mkati mwa malinga a mzinda. Anthu adathithikana, ndipo chaka chotsatira mudagwa mliri woopsa. Akatswiri amati mwa anthu anayi alionse, mmodzi adapita. Pericles adaika m'manda ana ake awiri aamuna, iyenso n'kumwalira mu 429 BC.

Wolemba mbiri Thucydides, yemwe adadwala nthendayi n'kuchira, adalemba kanthu kena kochititsa chidwi. Akuti okalamba adakumbukira ulosi wakale wonena za nkhondo yodza ndi mliri. Koma ena adatsutsa kuti ulosiwo umanena za njala, pakuti m'Chigiriki mawu awiriwa amamveka mofanana: mliri ndi loimos, njala ndi limos. Popeza chomwe chimapha anthu udali mliri, onse adagwirizana kuti ulosi umanena mliri. Thucydides adaonjeza kuti kukadzagwa nkhondo ina yodza ndi njala, anthu adzaukumbukira ulosi womwewo monena njala.

Akatswiri ambiri amati ndi m'zaka zimenezi, cha m'ma 429 BC kapena patsogolo pang'ono, pomwe Sophocles adaonetsa sewero la mfumu Oedipus. Tangoganizani anthu ongochoka kumanda atakhala pabwalo, sewero n'kuyamba ndi mzinda umene anthu akutha ndi mliri.

Nkhani ya Oedipus

Nkhaniyi idali nthano yakale yomwe aliyense amaidziwa. Laius, mfumu ya ku Thebes, adauzidwa ndi olosera a Apollo kuti adzaphedwa ndi mwana wake. Mkazi wake Jocasta atabereka mwana wamwamuna, khandalo adaliboola akakolo n'kulipereka kwa mbusa kuti akalitaye kuphiri la Cithaeron.

Paja amati chifundo chidapha nkhwali. Mbusayo adamva chisoni, napereka mwanayo kwa mbusa mnzake wa ku Corinth. Uyu adakamupereka kwa mfumu Polybus ndi mkazi wake Merope, omwe adalibe mphatso ya mwana. Adamutcha Oedipus, kutanthauza wotupa mapazi.

Atakula, munthu wina woledzera paphwando adamulalatira kuti si mwana weniweni wa mfumu. Zidamudya mumtima mpaka adapita ku Delphi kukafunsa. Funso lakelo silidayankhidwe. M'malo mwake adauzidwa za malodza: adzapha bambo ake ndi kukwatira mayi ake omubereka.

Mnyamatayo adalumbira kuti ku Corinth sadzapondako makolo ake ali moyo. Ali pa ulendo wothawa, pamphambano ya njira zitatu adakumana ndi mkulu wina ali pangolo ndi antchito ake. Adalimbirana njira, mkuluyo adamumenya pamutu ndi ndodo, Oedipus mtima udakwera, napha mkuluyo ndi omuperekeza, kupatula mmodzi amene adathawa.

Pofika ku Thebes adapeza mzinda uli pamoto ndi chilombo chotchedwa Sphinx, chomwe chimapha aliyense wolephera ndagi yake, ya chinthu choyenda ndi miyendo inayi, kenako iwiri, pomaliza itatu. Oedipus adayankha kuti ndi munthu, yemwe amayamba n'kukwawa, n'kudzamaliza ndi ndodo. Chilombocho chidafa, ndipo anthu pothokoza adamupatsa ufumu pamodzi ndi mkazi wamasiye wa mfumu yawo yomwe idaphedwa panjira. Adabereka naye ana anayi.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa luso la Sophocles lagona apa. Zonse tafotokozazi sizioneka pabwalo. Sewero likamayamba, ulosi udakwaniritsidwa kalekale, ana adakula. Chomwe oonerera amaona ndi tsiku limodzi lokha, tsiku lomwe Oedipus adadziwa kuti iye ndani.

Mliri wagwa mu Thebes. Mlamu wake Creon wabwera ndi uthenga wa ku Delphi woti mliri sutha pokhapokha amene adapha Laius atachotsedwa m'dziko. Oedipus, pokonda anthu ake, akulonjeza kuti amusaka munthuyo, ndipo akumutemberera pamaso pa onse, osadziwa kuti akudzilodza yekha.

Akuitanitsa Tiresias, mlosi wosaona. Nkhalambayo ikupempha kuti ailole ibwerere kwawo osanena kanthu. Oedipus akuikakamiza ndi kuinyoza mpaka ikulavula chilungamo, kuti wakupha akumufunayo ndi iye mwini. Mfumu ikupsa mtima, ikuganiza kuti mlosiyo wagulidwa ndi Creon pofuna mpando.

Jocasta akulowererapo pofuna kuziziritsa mwamuna wake. Akumuuza kuti asamatekeseke ndi alosi, pakuti Laius adaloseredwa kuti adzaphedwa ndi mwana wake, chikhalirecho adaphedwa ndi achifwamba pamphambano ya njira zitatu. Mawu omwe amayenera kutonthoza ndi omwe akumubaya Oedipus pamtima.

Kenako kukubwera mthenga wa ku Corinth kudzanena kuti Polybus wamwalira ndi ukalamba. Banja likupumira m'mwamba kuti ulosi wagwa pansi. Koma Oedipus akuopabe za mayi ake, ndipo mthengayo, nayenso pofuna kuthandiza, akumuuza kuti asaope chifukwa Merope si mayi ake. Iye ndiye mbusa uja adamulandira kuphiri ali khanda.

Apa Jocasta wazindikira zonse. Akumudandaulira kuti asiyire pomwepo. Oedipus akukana, poganiza kuti mayiyo akuchita manyazi kuti mwina adakwatiwa ndi mwana wa kapolo. Akuitanitsa mbusa wokalamba wa ku Thebes, yemwenso ndi mboni ija idathawa pamphambano. Nayenso akukana kuyankhula mpaka atamupinda manja kumbuyo.

Choonadi chitatuluka, Jocasta akudzimangirira m'chipinda. Oedipus akuzula mapini agolide pachovala cha malemuyo n'kudziboola maso.

Adalakwa ndani?

Owerenga ambiri amathamangira kunena kuti Oedipus adali chidole m'manja mwa milungu. Ine sindikuona choncho. M'sewero lonseli palibe mulungu amene akutulukira pabwalo. Anthu atatu, mlosi, mkazi wake ndi mbusa, akumupempha kuti aleke kufufuza. Akadatha kuleka. Sadaleke, poyamba chifukwa chofuna kupulumutsa anthu ake, kenako chifukwa sakadatha kukhala osadziwa komwe adachokera.

Ngakhale pomaliza, gulu loimba litamufunsa chomwe chamuchititsa kudziboola maso, iye akusiyanitsa zinthu ziwiri. Mavutowa akuti wawadzetsa ndi Apollo, koma dzanja lomwe lakantha maso ndi lake. Za masozi ku Delphi sadamuuze.

Mphunzitsi wina wa ku Oxford, E.R. Dodds, adalemba mu 1966 kuti kudziwiratu chinthu n'kosiyana ndi kuchichititsa. Adapereka chitsanzo cha Petro, yemwe adauzidwiratu kuti adzakana Mbuye wake katatu tambala asadalire. Palibe amene amati Petro adakakamizidwa. Adakana yekha chifukwa cha mantha.

Komabe tisapeputse nkhani. Aeschylus, polemba nthano yomweyi mu 467 BC, adati Laius adachenjezedwa katatu kuti asabereke mwana, iye n'kusamvera. Kumeneko wolakwa akuoneka. Sophocles adachotsa chenjezolo. M'sewero lake ulosi ulibe pothawira, ukungoti zidzachitika. Ndipo aliyense amene adayesa kuuzemba ndi amene adauthandiza: Laius potaya mwana, mbusa pomuchitira chifundo, Oedipus pothawa kwawo chifukwa chokonda makolo.

Ana asukulu amakonda kufunsa kuti bwanji sadangolumbira kuti sadzapha bambo aliyense wamkulu kwa iye, kapena kukwatira mayi womuposa zaka. Funsoli n'lomveka, makamaka poti mawu a woledzera uja adali asadayankhidwe. Koma Oedipus adali munthu wodalira nzeru zake, wofulumira kuganiza, wofulumiranso kupsa mtima. Nzeru zomwe zidagonjetsa Sphinx ndi zomwe zidamutsimikizira kuti makolo ake akuwadziwa. Sophocles sakutiuza pomwe pathera dzanja la mulungu ndi pomwe payambira khalidwe la munthu. Akutisiya tikangane tokha popita kunyumba.

Mwina simukhulupirira, koma seweroli lidakhala lachiwiri pampikisano. Adapambana ndi Philocles, mwana wa mchemwali wake wa Aeschylus, yemwe lero palibe sewero lake ngakhale limodzi lomwe lidatsala lathunthu. Patatha zaka pafupifupi 100, Aristotle adatenga Oedipus ngati chitsanzo cha momwe sewero lachisoni liyenera kulembedwera.

Kuno ku Africa, Ola Rotimi wa ku Nigeria adaisamutsira nkhaniyi pakati pa Ayoruba mu 1968, dziko lake lili pankhondo yapachiweniweni. Mutu wa sewero lake, The Gods Are Not to Blame, ukuneneratu kuti milungu isanamiziridwe. Naye Nelson Mandela ali kundende ya Robben Island adasewerapo ngati Creon mu Antigone, sewero lina la Sophocles lokamba za mwana wamkazi wa Oedipus.

Nkhalamba pamphambano

Sophocles sadali munthu wonyoza chipembedzo. Mu 420 BC, pomwe anthu a ku Athens amalandira chipembedzo cha Asclepius, mulungu wa machiritso, akuti guwa lake lidayamba lakhala kunyumba kwa Sophocles kachisi asadamangidwe.

Koma adakhalitsa mpaka kuona zomwe alosi adachita ku Sicily. Mu 415 BC Athens idatumiza zombo zambiri kukalanda chilumbachi, olosera akuwalimbitsa mtima. Zinthu zidavuta, ndipo mu August 413 BC asilikali adakonzeka kuthawa. Usiku womwewo kudachitika kadamsana wa mwezi. Mkulu wankhondo Nicias adamvera alosi kuti adikire masiku 27. Adani adatseka doko, asilikali zikwizikwi adaphedwa, ambiri mwa otsala adakafera m'migodi ya miyala ku Syracuse. Thucydides akuti uthenga utafika ku Athens anthu adakwiyira alosi aja, komanso andale omwe adalimbikitsa ulendowo, ngati kuti si iwo eni adavotera.

Pofuna anthu okhwima maganizo, mzinda udasankha akuluakulu khumi oti auongolere. Mmodzi adali Sophocles, ali ndi zaka zoposa 80. Mu 411 BC, pamsonkhano womwe udachitikira kwawo kwenikweni ku Colonus, demokalase idathetsedwa, ulamuliro n'kuperekedwa kwa anthu 400. Boma limeneli lidali lankhanza ndipo lidagwa patangotha miyezi pafupifupi inayi.

Aristotle akusimba kuti Sophocles adafunsidwa pagulu ngati adavomereza nawo zimenezi, ndipo adavomera. Atafunsidwa ngati sadaone kuti n'zoipa, adavomeranso, n'kuonjeza kuti padalibe njira ina yabwino kuposa imeneyo. Madalawa sadanamizire milungu kapena anzawo.

Mu 409 BC, ali ndi zaka pafupifupi 87, adapambananso ndi sewero la Philoctetes. Pali nkhani yoti mwana wake Iophon adamutengera kubwalo la milandu kuti wakalamba, mutu sukugwira, sangayendetse chuma cha banja. Gogoyo sadalimbane ndi mwana wake. Adangowerengera oweruza gawo la sewero lomwe amalemba, iwo n'kuthetsa mlandu. Akatswiri ena amati nkhaniyi idachokera m'nthabwala za azisudzo anzake, koma imakoma kuimva.

Sewero lomwe amalembalo lidali lobwerera kwa Oedipus. Patapita zaka pafupifupi 20, mkuluyu adali asadamalize naye. Tsopano Oedipus ndi nkhalamba yosaona, yopemphetsa, yotsogoleredwa ndi mwana wake Antigone. Pa malo onse a m'Greece, Sophocles adamufikitsa kumudzi kwawo ku Colonus kuti akafere kumeneko.

Oedipus wa ulendo uno sakudziimbanso mlandu. Akunena mosabisa kuti adapha podziteteza, adakwatira mosadziwa, ndipo sakadalakwira ulosi womwe udanenedwa iye asadabadwe. Palinso ulosi watsopano, woti dziko lomwe lidzasunge manda ake lidzadalitsika. Creon akubwera kudzamunyengerera, mwana wake Polynices akubwera kudzapempha thandizo pankhondo yolimbirana ufumu ndi m'bale wake. Onse awiri adamutaya pomwe amavutika, ndipo onse akuwakana. Madalitso akuwapereka kwa Theseus, mfumu ya Athens, yomwe idamulandira ali wosauka. Mabingu atagunda, munthu wosaonayo akuimirira n'kutsogolera oona kupita pamalo pomwe akathere, ndipo Theseus yekha ndiye akuona mathero ake.

Kumayambiriro kwa 406 BC kudamveka kuti Euripides, mnzake wopikisana naye, wamwalira ku Macedonia. Sophocles adatulukira pagulu atavala zakuda, oimba ake opanda nkhata zamaluwa kumutu. Miyezi ingapo pambuyo pake nayenso adatsikira kulichete. Ena amati adatsamwa ndi mphesa yosapsa, ena amati adabanika powerenga chiganizo chachitali osapuma, enanso amati adafa ndi chimwemwe atapambana mpikisano.

Mwayi wake udamuperekeza mpaka kumanda, pakuti sadaone zomwe zidatsatira. Mu 405 BC zombo za Athens zidagwidwa pafupifupi zonse, ndipo mu 404 BC mzinda udagonja kaamba ka njala. Adani adagumula malinga ake zitoliro zikulira.

Mwa masewero ake onse aja, asanu ndi awiri okha ndiwo adatipeza athunthu. Lomaliza lija, la Oedipus ku Colonus, iye sadalionere. Adalionetsa ndi mdzukulu wake, dzina lake Sophocles yemweyo, mu 401 BC. Anthu a mzinda wogonja adakhala pansi pa phiri la Acropolis n'kumamvera nyimbo yomwe gogo uja adasiya, yotamanda mudzi wakwawo, mahatchi ake, mbalame zake zoimba m'nkhalango ndi mitengo yake ya azitona.